VPN ya pa rauta ya kunyumba ikamakana: poyambira kufufuza

Sabata siitha popanda munthu kundibweretsera rauta m'kapulasitiki, nati VPN yafa. VPN ndi njira yobisika, yotsekedwa ndi makiyi, imene deta yanu imadutsamo pa intaneti popita ku seva ina. Wina ndi mwini shopu ku Kapata, muno mu Chipata, amene akufuna kumaona makamera ake akapita ku Lusaka kokaoda katundu. Wina ndi mayi wogwira ntchito ali kunyumba ku Kalongwezi, amene abwana ake salola kuti atsegule mafayilo a ku ofesi popanda VPN. Winanso ndi mnyamata amene wangotsatira zimene anaona pa YouTube mpaka intaneti ya nyumba yonse yazima, ndipo akuopa kuti bambo akaweruka kukhala nkhani. Ndikatsegula, kawirikawiri VPN yeniyeniyo imapezeka ilibe mlandu. Chavuta chimakhala pansi pake: bandulo, wotchi ya rauta imene yasokonezeka magetsi atazima, kapena mtundu wa adiresi imene netiweki yakupatsani. Popeza mafunso ake ndi omwewomwewo, ndaona kuti ndingowalemba pamodzi. Pezani chizindikiro chofanana ndi chanu n'kuyamba ndi nambala 1, chifukwa ndasanja kuyambira chimene chimachitikachitika kutsikira ku chimene chimaoneka mwa apo ndi apo.

## Musanagwire chilichonse

Dziwani kaye ntchito imene rauta yanu ikugwira, pakuti pali ziwiri zimene anthu amasokoneza.

- Rauta yotuluka, imene pa menyu amailemba kuti VPN Client. Iyoyo ndiyo imaimbira seva ya kwina, kaya ya kampani yogulitsa VPN kaya ya ku ofesi, ndipo mafoni ndi makompyuta onse a m'nyumba amadutsira momwemo.
- Rauta yolandira, VPN Server. Inu muli ku Katete kapena ku Lusaka ndipo mukufuna kulowa m'netiweki ya kunyumba kwanu.

Yoyambayo imayenda pafupifupi pa intaneti iliyonse. Yachiwiriyo ndi imene imaliza anthu kuno kwathu, ndipo ili ndi mutu wakewake m'munsimu.

Mukadziwa zimenezo, sungani masetingi a rauta pa kompyuta. Pafupifupi rauta iliyonse ili ndi batani la Backup. Kenako zimitsani VPN muone ngati intaneti wamba ikuyenda. Ngati siikuyenda, VPN isiyeni, vuto silili pamenepo. Ndipo muzisintha chinthu chimodzi, n'kuyesa, n'kulemba m'kope. Munthu amene wasintha zinthu zisanu nthawi imodzi, ngakhale zitheke, sadziwa chimene chamuthandiza, ndipo mwezi wamawa amabweranso ndi kapulasitiki kake.

## Pa menyu ya rauta palibe poika VPN

1. Rauta yanu siidziwa ntchitoyi. Marauta ambiri a 4G ndi ma MiFi ogulitsidwa pamodzi ndi simu khadi alibe OpenVPN kapena WireGuard, mitundu iwiri ya VPN imene tikukamba muno. Mawu oti VPN Passthrough asakunamizeni. Amangotanthauza kuti rauta siitsekereza VPN imene mwayatsa pa laputopu kapena pa foni. Rauta ya Starlink nayonso ilibe poika VPN. Mankhwala ake ndi kugula rauta yachiwiri, monga ya GL.iNet, MikroTik, kapena ena a Asus ndi TP-Link, n'kuilumikiza kumbuyo kwa yoyambayo ndi chingwe.
2. Ili ndi Server yokha, Client mulibe. Marauta ena a TP-Link Archer ali choncho. Werengani bokosi musanatulutse ndalama.
3. Firmware, pulogalamu ya m'kati yoyendetsa rauta, ndi yakale. Pa MikroTik, WireGuard inayambira pa RouterOS 7; pa 6 musavutike kuifuna.
4. Rauta mwaiika pa Access Point kapena Repeater. Ikakhala pamenepo menyu ya VPN imabisika. Ibwezereni pa Router.

Mukapeza kuti ili ndi PPTP yokha, mtundu wakale wa VPN, ilekeni. Chitetezo chake chinathyoledwa kalekale, moti Apple inaichotsa m'mafoni ake mu 2016.

## VPN ikukana kulumikizana

Onani kaye chimene rauta ikunena. Pa WireGuard funani mzere wa Latest handshake: kumeneko ndi kupatsana moni kwa rauta ndi seva, ndipo zikamayenda bwino moniwo umabwerezedwa pafupifupi mphindi 2 zilizonse. Pa OpenVPN tsegulani log, tsamba limene rauta imalembapo zimene zikuchitika. Ikalumikizana imalemba Initialization Sequence Completed. Ikalephera kufika ku seva imalemba TLS key negotiation failed to occur within 60 seconds.

1. Bandulo si yoyenera. Ichi ndicho chimatsogola, ndipo anthu amakwiya ndikawauza. Bandulo ya WhatsApp ndi Facebook yokha imayenda chifukwa netiweki imaona kumene mukupita n'kukulolani. VPN ntchito yake ndi kubisa kumene mukupitako, ndiye netiweki imaona deta wamba, n'kufuna bandulo wamba. Munthu amalumbira kuti intaneti ilipo, pakuti mauthenga akulowa, koma VPN palibe poponda. Yesani kutsegula tsamba lina lililonse VPN ili yozimitsa. Likakana, gulani bandulo ya intaneti yonse. Yang'ananinso nthawi: bandulo ya usiku siithandiza masana.
2. Wotchi ya rauta yasochera. Werengani mutu wotsatira.
3. Makiyi kapena pasiwedi zinalowa molakwika. Kiyi wa WireGuard ali ndi zilembo 44 ndipo amathera ndi chizindikiro cha =. Osamulemba ndi manja, chifukwa I wamkulu ndi l wamng'ono, kapena O ndi 0, amafanana pa foni. Lowetsani fayilo yonse ya masetingi imene a VPN anakupatsani ndi batani la Import. Ngati mukuika pamanja, Private Key wanu amapita pa Interface, ndipo Public Key wa seva amapita pa Peer. Anthu amatembenuza ziwirizi. Pa OpenVPN, mawu oti AUTH_FAILED akutanthauza kuti seva mwaifika koma yakukanani dzina kapena pasiwedi. Makampani ambiri ogulitsa VPN amapereka dzina ndi pasiwedi zapadera zoikira pa rauta, zosiyana ndi imelo ndi pasiwedi zimene mumalowera pa tsamba lawo. Zifuneni mu akaunti yanu, pamene alemba za manual setup.
4. Malipiro atha, kapena seva imene munasankha anaitseka. Lowani mu akaunti, tengani fayilo yatsopano ya seva ina.
5. Port, khomo la nambala limene deta imadutsira, yatsekedwa. WireGuard imayenda pa UDP pokha (UDP ndi TCP ndi njira ziwiri zotumizira deta), kawirikawiri port 51820, ndipo OpenVPN mwachizolowezi pa UDP 1194. Ngati rauta yanu ikumwa intaneti ya pa loji, pa sukulu kapena pa ofesi ina, mwina eni ake anatseka zimenezi. Yesani fayilo ya OpenVPN ya TCP 443, port imene masamba onse otetezedwa amadutsira.
6. Rauta yakale ndi seva yatsopano sizikumvana. Log ikamadandaula za cipher, njira yobisira deta, firmware yanu yatsalira. Ikani yatsopano yochokera kwa opanga rautayo, ndipo muchite zimenezi magetsi ali odalirika.

## Dzulo inali bwino, magetsi atazima n'kubwera yakana

Pamenepa ndikhalitsapo, chifukwa mu 2024, madzi atachepa ku Kariba malaiti n'kumapita maola ambiri tsiku ndi tsiku, vuto limeneli linali ngati chimfine cha mu June.

Amalume anga ali ndi kaofesi kogula nshawa ndi soya ku Petauke. Anandiimbira m'mawa wina: "Mphwanga, chinthu chako chija chafa, ndipo sindinachigwire." Ndinawauza kuti alowe mu rauta, apite pa System, andiwerengere deti. Anakhala chete pang'ono, kenako anaseka, nati makinawo akunena kuti tili mu January wa chaka chimene mdzukulu wawo anali asanayambe sukulu. Atadina batani lotengera nthawi pa laputopu, VPN inadzuka tisanadule foni.

Chimene chimachitika ndi ichi. Marauta ang'onoang'ono ambiri alibe kabatire kosunga nthawi monga mmene ilili kompyuta. Magetsi akazima amaiwala, ndipo akayaka amayambira pa deti lakale mpaka afunse nthawi pa intaneti kudzera pa NTP. OpenVPN imayang'ana satifiketi, ndipo ikaona kuti deti la lero lili kumbuyo kwa tsiku limene satifiketiyo inapangidwa, imalemba kuti not yet valid n'kukana. WireGuard ilibe satifiketi, koma moni uliwonse umanyamula nthawi, ndipo seva imataya moni wa nthawi yakale kuposa umene inalandira komaliza, poganiza kuti wina akubwereza uthenga wakuba. Siyankha n'komwe, imangokhala duu.

1. Nthawi yabwerera m'mbuyo. Onani deti pa System. Likakhala lolakwa, dinani Sync with browser kapena batani lofanana nalo. Sankhani dera la Africa/Lusaka, lomwe ndi GMT+2, ndipo yatsani NTP.
2. VPN ikudikira nthawi, nthawi ikudikira VPN. Ngati munayatsa Kill Switch, imene imatseka intaneti VPN ikaduka, kapena munalamula kuti DNS yonse (ntchito yomasulira mayina a masamba kukhala manambala) izidutsa mu VPN, rauta ikhoza kulephera kufunsa nthawi chifukwa njira yokhayo yotulukira ndi imene yatsekekayo. Pa NTP ikani seva imodzi ndi manambala m'malo mwa dzina, monga 162.159.200.1 ya Cloudflare, kuti isafune DNS. Ngati zikupitirira, zimitsani Kill Switch muyese. Mukaona kuti ndi iyoyo, pafunika lamulo la firewall, mlonda wa pakhomo la netiweki, lolola NTP kudutsa kunja kwa VPN.
3. Rauta imadzuka modemu isanadzuke. Modemu ya 4G imatenga kanthawi kuti igwire netiweki. Rauta ya VPN ikafulumira, imafunsa adiresi ya seva, imalephera, ndipo marauta ena sayesanso. Zimitsani rauta yokhayo n'kuiyatsa modemu itakhazikika. Zikatheka choncho, pa Endpoint, poika adiresi ya seva, lembani manambala a seva m'malo mwa dzina lake.

Chothetseratu zonsezi ndi ka UPS kakang'ono ka marauta, kotulutsa 12V kapena 9V, koti modemu ndi rauta zisamazime n'komwe. Musanagule, werengani mavolti olembedwa pansi pa rauta yanu.

## Ikuonetsa kuti yalumikizana koma intaneti palibe

1. Siinalumikizane ayi. WireGuard imaonetsa kuti yayaka ngakhale seva isanayankhe. Onani manambala a zotumizidwa ndi zolandiridwa. Zotumiza zikamakwera koma zolandira zili pa 0, bwererani ku mitu iwiri yapitayi.
2. DNS. Pa kompyuta tsegulani Command Prompt mulembe ping 1.1.1.1. Ikayankha koma masamba osatseguka, njira ilipo, chosowa ndi womasulira mayina. DNS ya netiweki yanu kawirikawiri siyankha munthu wochokera kunja, ndipo VPN ikayaka inu mwasanduka wakunja. Ikani DNS imene ili mu fayilo ya VPN, kapena 1.1.1.1, 8.8.8.8 kapena 9.9.9.9. Mukatero chotsani foni pa Wi-Fi n'kuibwezeranso.
3. Allowed IPs. Kuti zonse zidutse mu VPN, pakhale 0.0.0.0/0. Pa OpenWrt, firmware imene ena amaika pa marauta awo, pali kabokosi ka Route Allowed IPs kamene anthu amaiwala kuchonga.
4. Firewall. Pa OpenWrt ndi MikroTik, VPN imafuna lamulo lolola LAN, netiweki ya m'nyumba, kutulukira kwa iyo, ndi masquerade pa njira imeneyo. Chizindikiro chake n'chakuti rauta yeniyeniyo imafika pa intaneti koma mafoni ayi.
5. Marauta awiri ali ndi manambala ofanana. Marauta a 4G a Huawei amabwera ndi 192.168.8.1, ndipo a GL.iNet nawonso amabwera ndi yomweyo. Mukawalumikiza motsatizana, wachiwiriyo sadziwa kuti kunja ndi kuti, m'kati ndi muti. Sinthani LAN ya imodzi, mwachitsanzo 192.168.37.1.

## Masamba ena akutseguka, ena akungozungulira

WhatsApp ikuyenda, Google ikutseguka, koma tsamba la ku ntchito likungozungulira, kapena imelo yokhala ndi fayilo ikukanika kupita. Pafupifupi nthawi zonse ndi MTU, kutanthauza kukula kwa paketi imodzi ya deta. VPN imakulunga paketi iliyonse ndi chikuto chake, ndiye imanenepa. Timapaketi tating'ono timadutsa, zazikulu zimakakamira pakhomo, monga ngolo yodzaza matumba pa geti lopapatiza.

1. MTU ndi yaikulu. WireGuard imabwera ndi 1420, nambala yoganizira njira ya 1500. Intaneti ya m'manja nthawi zina imakhala yocheperapo, ndipo ya PPPoE, imene rauta imalowera ndi dzina ndi pasiwedi, ndi 1492. Njira yachidule: ikani 1280 muyese. Zikatheka, mukhoza kusiya pomwepo, kapena kukweza pang'onopang'ono mpaka ziyambenso kuvuta, n'kubwerera sitepe imodzi. Pa OpenVPN onjezani mzere wa mssfix 1300 mu fayilo.
2. MSS clamping siinayatsidwe. Pa OpenWrt ndi kabokosi ka pa firewall, pa chigawo cha VPN.
3. Tsambalo likukana VPN mwadala. Onani mutu wa mabanki.

Kwa ofuna nambala yeniyeni: zimitsani VPN, pa Windows lembani ping 1.1.1.1 -f -l 1472. Ikadandaula kuti Packet needs to be fragmented, tsitsani nambalayo ndi 20 mpaka iyankhe. Pa nambala yayankhayo onjezani 28, kenako chotsani 80. Yotsalayo ndiyo MTU ya WireGuard yanu.

## Imalumikizana, n'kuduka, n'kubweranso

1. Netiweki ya foni ndi imene ikuduka. Chipata wazunguliridwa ndi mapiri, ndipo nyumba ziwiri zoyandikana zikhoza kusiyana netiweki kutalitali. Timizere ta pa rauta musatikhulupirire. Lowani m'kati muone RSRP, nambala yoonetsa mphamvu ya netiweki. Cha m'ma -80 ndi bwino, kupitirira -110 ndi pothera. Ikani modemu pawindo, pamwamba, kutali ndi malata ndi firiji. Ngati ikumadumpha pakati pa 3G ndi 4G, ikakamizeni pa 4G only, pakuti kudumpha kulikonse kukhoza kudula VPN. A ku Mwami ndi midzi ya m'malire, onaninso dzina la netiweki imene modemu yagwira: nthawi zina imakoka ya ku Malawi, ndipo bandulo yanu kumeneko siigwira. Pa Network selection sankhani Manual n'kuloza netiweki yanu.
2. Palibe keepalive. Mukakhala phee kwa kanthawi, netiweki imaiwala njira imene inakutsegulirani. Pa WireGuard ikani PersistentKeepalive pa 25. Pa OpenVPN mzere wake ndi keepalive 10 60.
3. Fayilo imodzi pa zipangizo ziwiri. Mwaika fayilo ya WireGuard pa rauta, yomweyonso pa foni ya akazi anu. Seva imaona munthu mmodzi akulankhula kuchokera mbali ziwiri, ndiye imayankha amene walankhula komaliza, winayo n'kuduka. Chipangizo chilichonse chikhale ndi kiyi wakewake.
4. Rauta ikumadzizimitsa yokha. Onani Uptime. Ngati ikunena mphindi 10 pamene munayatsa m'mawa, vuto ndi magetsi. Adaputa yake yeniyeni inapsa, mwana anabweretsa ya dikoda, ndipo pulagi inalowa bwinobwino, koma mphamvu yake ndi yochepa. VPN ikayamba kugwiritsa purosesa ntchito, rauta imagwa. Mavolti afanane ndendende ndi olembedwa pa rauta. Maampu akhoza kuposa koma asachepe. A sola, onani ngati zimachitika usiku batire ikatsika.
5. Kutentha. Mu October rauta yoikidwa pamwamba pa TV, yofunditsidwa kansalu kokongoletsa, imaphika. Ichotseni kansaluko.

## Ndili kutali, sindikutha kulowa kunyumba

Uwu ndi mutu wa VPN Server, ndipo choyambacho chimaposa zotsalazo zonse kuziphatikiza.

1. Mulibe adiresi yanuyanu ya pa intaneti. Maadiresi a IPv4 ndi ochepa, ndiye makampani a mafoni amagawira makasitomala ambiri adiresi imodzi. Njirayi imatchedwa CGNAT. Zili ngati mdadada wa nyumba za lendi wokhala ndi nambala imodzi pa geti: inu mukhoza kutuluka kukagula ndiwo n'kubwerera, koma mlendo wongodziwa nambala ya pa geti sadziwa chitseko choti agogode, ndipo geti si lanu kuti mulembepo dzina. Simu wamba ya Airtel, MTN kapena Zamtel muiyembekezere kukhala choncho, ndipo Starlink ya kunyumba imayendanso pa CGNAT. Kufufuza kwake: onani WAN IP, adiresi imene kampani yakupatsani, mu modemu, kenako, VPN ili yozimitsa, funsani Google kuti what is my IP. Zikasiyana, kapena WAN IP ikayamba ndi 10, kapena ikakhala pakati pa 100.64 ndi 100.127, muli m'mdadada. Pamenepo port forwarding (kutsegula port yoloza ku chipangizo cha m'nyumba) siithandiza, DDNS (dzina lotsata adiresi yanu ikamasintha) siithandiza, reset siithandiza. Ndaonapo munthu atagula rauta yachitatu chifukwa cha chimenechi. Njira zilipo zitatu:
   - Funsani kampani yanu ngati imagulitsa public IP. Kawirikawiri zimakhala za mabizinesi ndipo pali malipiro apadera.
   - Gwiritsani ntchito Tailscale kapena ZeroTier. Mbali zonse ziwiri zimatulukira kunja n'kukakumana, choncho palibe wogogoda pa geti. Tailscale inamangidwa pa WireGuard, ndipo marauta ena a GL.iNet ndi a OpenWrt amailandira. Kwa munthu wa makamera awiri ndi kompyuta imodzi, ine ndimalangiza imeneyi.
   - Chitani lendi kaseva ka pa intaneti kokhala ndi adiresi yake, rauta ndi foni zonse zizilumikiza kumeneko. Imagwira bwino koma imafuna wodziwa.
2. Mukuyesera muli m'nyumba momwemo. Marauta ambiri salola kuti mutuluke n'kudzigogodera nokha. Zimitsani Wi-Fi pa foni, yesani ndi deta.
3. Pali marauta awiri. Modemu ili ndi adiresi yabwino, koma VPN ili pa rauta ya kumbuyo. Pa modemu tsegulani port yoloza ku rauta yachiwiriyo, ndipo ipatseni adiresi yosasintha. Kapena ikani modemu pa Bridge ngati imalola.
4. Port munatsegula ya TCP pamene ikufunika ya UDP. Musadalirenso masamba oyesa ma port: WireGuard siyankha aliyense wopanda kiyi, choncho amanena kuti yatsekedwa ngakhale ili bwino.
5. Adiresi ya kunyumba yasintha. Ikani DDNS. Dzina laulere la kampani ya No-IP limafuna kutsimikizidwa masiku 30 aliwonse, ndipo imelo yokukumbutsani imakonda kugwera mu spam. Adiresi ikasintha VPN ya pa foni ili yoyaka, izimitseni n'kuiyatsanso kuti ifunse dzinalo kachiwiri.
6. Kumene muliko manambala ndi ofanana ndi a kunyumba. Loji ya ku Lusaka ili pa 192.168.1, kwanunso 192.168.1. Laputopu imafuna kamera yanu m'makonde a lojiyo. Sinthani LAN ya kunyumba ikhale nambala yachilendo.
7. Mwalowa, koma kompyuta ya kunyumba siikuyankha. Firewall ya Windows imakana alendo ochokera ku manambala ena. Yesani ping ku rauta kapena ku kamera. Zikayankha, VPN ili bwino.

Chenjezo limodzi: VPN ikakukanikani, musathawire kotsegula ma port a makamera kapena tsamba lolowera mu rauta kuti zionekere pa intaneti. Pali makina amene amasakasaka zitseko zotere usana ndi usiku, ndipo pasiwedi ya admin amayamba ndi yomweyo.

## Yayamba kuyenda ngati kamba, kapena bandulo ikutha msanga

1. Purosesa ya rauta yachepa. OpenVPN ndi yolemera kwa karauta kotchipa. WireGuard ndi yopepuka kwambiri, choncho ngati pali mwayi sinthani. Yesani VPN yomweyo pa laputopu: ikathamanga kumeneko, wolephera ndi rauta.
2. Seva ili kutali. Ngati palibe chifukwa chenicheni chosankhira London kapena New York, tengani Johannesburg.
3. Madzulo anthu achuluka pa netiweki. Yesani 6 koloko m'mawa ndi 8 koloko usiku, VPN yoyaka ndi yozima, mufananize.
4. Pa VPN Server, malire ndi upload ya kunyumba. Chimene inu mukukoka muli kutali, nyumba ikuchita kukweza.

Za bandulo: chikuto cha VPN chimadyako pang'ono, koma si chimene chikukumalizani. VPN ikakhala pa rauta, zonse za m'nyumba, TV, mafoni a ana, makompyuta odzikonza okha usiku, zimawerengedwa ngati deta wamba, ndipo mabandulo otchipa a mapulogalamu apadera amangokhala osagwiritsidwa ntchito.

## Banki kapena pulogalamu ina ikukana

Banki ikaona kuti munthu amene dzulo anali ku Chipata lero akulowera ku Amsterdam, ikhoza kukana kapena kutseka akaunti podziteteza. Masamba oonetsa mafilimu nawo amadziwa maadiresi a makampani a VPN. Apa palibe chowonongeka. Musabwereze pasiwedi kambirimbiri. Chotsani foni pa Wi-Fi, lowani ndi deta yake. Kuti zisamabwerezeke, funani VPN Policy kapena policy routing pa rauta, musankhe zipangizo zofunikadi VPN, zotsalazo zizidutsa panja. Nyumba zambiri zimene ndafikamo, chofuna VPN chinali laputopu imodzi yokha, ndipo kuika pulogalamu pa laputopuyo kukanathetsa nkhani popanda kugwira rauta.

## Pamene muyenera kuleka n'kuitana wodziwa

- VPN ndi ya ku ntchito. Makiyi, satifiketi ndi malamulo ali m'manja mwa a IT a kumeneko. Musaisamutsire pa rauta ya banja popanda chilolezo chawo, chifukwa mukatero mwalowetsa foni ya mwana aliyense m'netiweki ya abwana.
- Mukufuna kuchotsa firmware ya fakitale n'kuika OpenWrt, koma simunachitepo. Fayilo ya mtundu wina, ngakhale yosiyana ndi v2 ndi v3 chabe, kapena magetsi kuzima pakati, rauta imasanduka njerwa.
- Rauta ndi ya kampani ya intaneti. Osaipanga reset. Ikhoza kutaya APN kapena dzina ndi pasiwedi ya PPPoE zimene inu mulibe. Aimbireni eni ake.
- Mwasintha firewall ndipo simukuthanso kulowa mu rauta. Yesani ndi chingwe pa port ina ya LAN. Ikakana, ndipo Backup simunasunge, imani pomwepo. Pa MikroTik wodziwa akhoza kulowa ndi WinBox kudzera pa MAC popanda kufufuta chilichonse.
- Pali fungo la kupsa, adaputa yatupa, kapena zavuta mvula ya mphezi itangodutsa. Zulani pa soketi. Osatsegula adaputa. Mawaya a sola, inveta kapena mlongoti wa padenga ndi ntchito ya wamagetsi.
- Mwapeza mu rauta wogwiritsa ntchito, Peer kapena DNS imene simunaike. Zulani chingwe cha intaneti, sinthani mapasiwedi a banki ndi imelo pogwiritsa ntchito deta ya pa foni, kenako itanani munthu.

Popita kwa wokonza, tengani rauta pamodzi ndi adaputa yake yomwe mumagwiritsa ntchito, simu khadi ili ndi bandulo, fayilo ya Backup, ndi kope lija munalembamo zimene mwasintha. Jambulani log ndi tsamba la WAN IP vuto likuchitika. Potumiza zithunzizo pa WhatsApp, phimbani mzere wa Private Key ndi wa pasiwedi. Ngati munatumiza kale pa gulu osaphimba, fufutani kiyi ameneyo pa seva mupange wina.